Dzina Lachinayi pa Mndandanda

Musavutike kundiyankha kuti tili tonse, pakuti zimene ndikuti ndinenezi sindidachite kumva kwa munthu. Ndidaziona ndi maso angawa pa Nambuma, mwezi wa Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo. Sendererani kuno, utsi ukupita uko.

Ine ndine Elube Nankhoma. Sukulu ndidalekezera Sitandade 6, ndipo sindidachitepo nazo manyazi. Kompyuta ndidaiphunzira ndekha ndili ndi zaka makumi anayi, m'buku lachingerezi lopanda chikuto limene ndidalipulumutsa kwa mayi wina amene ankakulungira mandasi m'masamba ake. Mawu ondivuta ndinkawalemba kuseri kwa kalendala n'kumafunsa aphunzitsi odutsa pamsewu. Patapita zaka ziwiri, ine ndi mng'ono wanga Livinesi tidagulitsa mtedza wa m'munda wa malemu amayi athu, tidagula laputopu, n'kutsegula kachipinda kotayipira makalata pafupi ndi chigayo. Ofuna ntchito, okonzekera ukwati, ofedwa, onse ankadzera pa ife.

M'kachipindamo mudali makoswe, ndipo ankatafuna mawaya. Titatopa nawo tidagula mausi, printa ndi sipika zosafuna waya wopita ku laputopu, zolumikiza pa bulutufu. Ndikufotokozereni pang'ono mmene zimayendera, kuti zam'tsogolozi muzimve bwino. Chipangizo chilichonse chotere chili ndi dzina lake. Ukachiyatsa n'kugwira batani lake mpaka kanyali kayambe kuphethira, ndiye kuti chikuitana. Laputopu ikachimva imalemba dzinalo pa mndandanda. Iwe ukadina pa dzinalo n'kuvomera, ziwirizo zadziwana, ndipo kuyambira pamenepo zimapezana zokha. Koma kuitana kwake n'kwapafupi. Ndidayesa ndekha: ndidanyamula sipika ikuimba n'kuyenda nayo, ndipo nyimbo idaduka nditafika pa mtengo wa m'bawa umene uli kutsogolo kwa chigayo. Mapazi khumi. Chachilendo chimene chili kutali kuposa apo, kapena chimene chili chozima, laputopu siichimva.

Livinesi adakwatiwa ndi a Gostino Chadzunda, bambo wa satifiketi ya Fomu 4 amene adagwirapo ukalaliki ku esiteti ya fodya, ndipo zimenezi ankazitchula tsiku lililonse. Chaka chathachi matenda adamugwira mng'ono wanga mbali imodzi, manja adaleka kugwira zinthu. Ndidamugulira kahedifoni kokoleka ku khutu kuti azilankhula pa foni osainyamula. Mayina a zipangizozi amasinthika, choncho ndidamufunsa kuti ndikapatse dzina lanji. Adaseka ndi mbali ya pakamwa imene idali ikadamumvera.

“Mulembe kuti Mkazi wa Gostino, achemwali. Kakadzatayika, wotola adzadziwe kokabweza.”

Ndidalemba, ngakhale dzanja linkakana.

Sabata yake yomaliza a Gostino adali ku Mponela kwa mkazi wina. Masiku atatu Livinesi ankandipempha kuti ndiwaimbire. Ine ndinkadina nambala, iye n'kugona chammbali kumvetsera foni ikuitana m'khutu mwake. Nanenso ndinkaimva chapatali, ngati udzudzu. Inkaitana mpaka kuduka. “Imbaninso,” ankatero. Tsiku lachitatu masana adamwalira ikuitanabe.

Posambitsa thupi, amayi a m'mudzi adafuna kuchotsa kahedifoniko. Ndidawaletsa. Kadapita naye ku manda a kwathu, mtunda wa maola awiri wapansi kuchokera pa Nambuma.

A Gostino adafika tsiku loika maliro, ndipo adalira mokweza kuposa tonse. M'mawa mwake, tisanamete, akuluakulu asanakhale pansi kuti awasudzule n'kuwamasula ku ukwati wa malemuyo, iwo adatenga kiyi wa kachipinda kathu m'chikwama cha Livinesi, adakweza makina onse pa njinga yamoto, n'kupita. Nditawalondola adandilandirira pakhomo, osandipatsa n'mpando womwe.

“Alamu, katundu wa mkazi wanga ndi wanga,” adatero. “Komanso tinene zoona, makina awa amafuna munthu wa sukulu. Inu munayesetsa, tikuyamika. Pano bwererani ku tomato.”

Amalume adandilangiza kuti ndipite ndi nkhuku ndikawachonderere. Ndidayankha kuti maondo anga amagwada m'tchalitchi mokha. Ndidasesa kachipinda kanga, ndidaika tebulo pamalo pake, n'kuyamba kulembera anthu makalata pamanja. Obwera adali ochepa. Laputopuyo idali ntchito yanga ndi ulemu wanga, ndipo ndinkaifuna tsiku lililonse, koma ndidalumbira mumtima kuti idzabwerera ine osapempha.

Patapita masabata asanu kudabwera a Sikelo, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo imene a Gostino adachita lendi kumapeto kwa msika. Adavula chipewa n'kuyamba kudzikanda m'mutu.

“Mayi Nankhoma, ndatumidwa ndi bwana wa Fomu 4. Akuti ngati muli ndi mpata.”

“Mpata wa chiyani?”

“Anapita ndi laputopu ija ku tauni kuti akafufute zonse zakale, iyambe ngati yatsopano. Yabwerako yoyera ngati mbale yotsuka. Koma pano printa siikumva, mausi siikuyenda, sipika ili duu. Masiku anayi akungodina. Dzulo anaitukwana m'Chingerezi, koma sinamvebe.”

Mtima udandiwawa pomva kuti adafufuta zithunzi za Livinesi ndi makalata athu onse. Komabe ndidavala chitenje changa chatsopano n'kunyamuka. Thandizo silidali m'mutu mwanga. Ndinkafuna kuti msika wonse uone kuti ndani waitana mnzake.

Nthawi idali itayandikira 12 koloko. Kunkatentha moti nkhuku zidabisala pansi pa ngolo zitayasamula milomo. Pa mzere wa ogulitsa usipa kadadzuka kamvuluvulu kakang'ono, kadatiperekeza mpaka pakhonde la sitolo, n'kugona pomwepo. A Sikelo adalavulira kumbali. Chapatali pang'ono, pamthunzi wa mtengo wa kesha, padaima mayi atafunda chitenje kumutu m'kutentha konseko, atatifulatira. Ndidayesa kuti akudikira minibasi.

“Alamu, mwabwera,” adatero a Gostino osadzuka. “Ndi kanthu kakang'ono. Ndikadakonza ndekha, kungoti nthawi.”

“Nyamukani pa mpandopo,” ndidatero.

Adanyamuka.

Ndidayatsa bulutufu pa laputopu. Ndidatembenuza mausi n'kugwira kabatani ka kumimba kwake mpaka kanyali kadayamba kuphethira. Dzina lake lidatuluka, ndidadina, ndidavomera, ndipo kamuvi ka pa sikirini kadayenda. Printa idavuta, chifukwa inkasakabe laputopu monga inkaidziwira kale. Ndidaizimitsa, ndidawerenga mpaka makumi awiri, n'kuiyatsanso nditagwira batani. Idadzuka n'kukoka pepala. Sipika sidachedwe, idalira kawiri, kusonyeza kuti yalumikizika.

“Sitandade 6 ija,” adatero a Sikelo pawindo, “kaya siinali yunivesite.”

A Gostino sadaseke.

Pamenepo ndidamva fungo. Lidali la mafuta a kamfa amene ndinkamusisita nawo Livinesi m'manja. Ndidaunguza m'chipindamo: mudali tebulo, mipando iwiri ndi kalendala basi. Ntchentche imene inkavutitsa pagalasi idatera n'kukhala chete. Phokoso la msika lidachita ngati lasamukira kutsidya la dambo. Nditabweza maso pa sikirini, mayina adali anayi.

Mausi. Printa. Sipika. Pansi pake: Mkazi wa Gostino.

Ndidaliwerenganso dzinalo kachiwiri.

“Ichi n'chiyani?” adafunsa a Gostino ataweramira paphewa panga.

“Mukutha kuwerenga. Ndinu a Fomu 4.”

“Ndi zotsalira zakale.”

“Zakale munafufuta nokha. Chimene chalembedwa apa n'choyaka, ndipo chili pafupi. Mapazi khumi.”

“Ndiye kuti munaba kahedifoni kaja. Kali m'chikwama mwanumo.”

Ndidakhuthulira chikwama patebulo: mpango, makiyi, buku la nyimbo. Ndidavula duku n'kulikutumula. A Sikelo adalankhula chapansipansi pawindo paja.

“Akazi anga analipo posambitsa. Kanapita naye.”

Apa ndinene poyera, kuti wina asadzanene kuti ndidawatchera msampha. Ndidawachenjeza. Ndidati, “Alamu, tonse tinakula tikuuzidwa kuti ukamva wina akukuitana koma osamuona, suyankha. Ichi chikuitana. Chisiyeni.”

Ndikadatha kuzimitsa bulutufu nthawi yomweyo, pakuti podina pake padali pansi pa chala changa. Sindidatero. Ndidangosuntha mausi kuti ikhale pafupi ndi dzanja lawo.

“Zikhulupiriro za anthu osaphunzira,” adatero.

Adagwira mausi n'kudina pa dzinalo. Laputopu idafunsa ngati akuvomera. Adavomera.

Sipika idalira kawiri. Kenako mudatuluka kulira kumene ndinkakudziwa bwino: foni ikuitana kwina, yosayankhidwa. Idaitana, idaitananso. Pakati pa kuitanako pankamveka kupuma kwa munthu wogona chammbali. A Gostino adapendeketsa mutu kumanzere monga achitira munthu amene akunong'onezedwa.

“Ee?” adatero.

Kuitana kudaleka. Ndidalongedza za m'chikwama changa mosafulumira, ndidamanga duku, n'kutuluka. Pa mtengo wa kesha padalibe munthu, ndipo palibe minibasi imene idali itadutsa. Ndidawerenga mapazi kuchokera pakhomo kufika pamthunzipo. Adali asanu ndi anayi.

Madzulo ake ndidatumiza uthenga kumudzi kuti adzukulu akazonde manda. Adabweza mawu akuti zonse zili monga tidazisiyira, nkhata zikadali pamwamba, dothi silidakhudzidwe.

Za masiku otsatira ndidazimva kwa a Sikelo, amene ankadzera kwa ine popita kukagula ulusi, ngakhale ulusi adali nawo wambiri. Adati tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu, printa inkadzuka yokha, n'kukoka pepala limodzi, n'kulitulutsa losalembedwa kanthu koma lonunkhira kamfa. Kamuvi ka pa sikirini kankayenda kokha pang'onopang'ono, kakukokera mbali imodzi. Mausi idasowa Lachiwiri, ndipo Lachitatu a Gostino adaipeza kunyumba pansi pa mtsamiro wawo. Adazimitsa bulutufu, 12 koloko idapezeka yoyaka. Adaleka kutchaja sipika kuti ithe moto, koma nthawi ikakwana inkaitanabe. Adabwera ndi m'busa wina wa ku Kasiya kuti apempherere chipindacho. M'busayo adayamba mwamphamvu, koma atafika pakati adasiya, n'kufunsa kuti mayi amene wagona pakonayo ndani. Madzi amene adamupatsa sadamwe.

“Koma chimene chikuthamangitsa anthu si makina ayi,” adatero a Sikelo. “Ndi eni ake. Munthu akuwauza zolemba, iwo mutu uli kumanzere, ‘Ee? Ndamva. Ndikubwera.’ Dzulo atayipa pulogalamu ya ukwati wa kwa a Matewere, pa dzina la mkwatibwi alembapo Livinesi. Mapepala makumi asanu. Ine ndasamutsira makina anga pakhonde la butchala. Bola ntchentche.”

“Mayi wofunda kumutu uja mumamuonabe?”

A Sikelo adayang'ana pakhomo asanayankhe.

“Sindiyang'anitsitsa, mayi. Koma bwanawo akamapita kunyumba, agalu amauwa atadutsa kale.”

Mkazi wa ku Mponela uja, amene adali atabwera kudzakhala nawo, adanyamula katundu Loweruka. Adauza anzake pa mjigo kuti sangagawane mphasa ndi munthu amene sakumuona.

Tsiku la msika ndidamva wilibala ikulira pakhomo panga. Adali a Gostino, ndevu zosameta, thonje m'khutu la kumanzere. Mu wilibalamo mudali makina onse, atawakuta ndi bulangete.

“Alamu, katundu wanu.”

“Ndinamva kuti ndi wa mwamuna wa malemu.”

“Ndi wanu. Ndinalakwa.”

“Kwezani mawu. Chigayo chikusokosa.”

Adabwereza, ndipo amayi onse a pa mzere wa chigayo adamva. Sindidagwire kalikonse. Ndinkangoloza ndi chala pamene chilichonse chinkakhala kale, iwo n'kumaika: printa pakona, sipika pashelefu, laputopu pakati pa tebulo. Atatha adapuma mozama ngati munthu wotula mtolo, n'kutuluka akukankha wilibala yopanda kanthu.

Ndisabise, mantha adandigwira nditatsala ndekha. Mng'ono wanga ndinkamukonda, koma sindinkadziwa chimene ndalandira m'chipindamo. Fungo la kamfa lidali paliponse. Ndidatsegula laputopu. Mayina adali anayi, ndipo pansi pa lachinayi padalembedwa kuti chalumikizika. Ndidasuzumira panja. A Gostino ankayandikira mtengo wa m'bawa. Atangoudutsa, dzinalo lidazirala, ndipo mawu a pansi pake adasintha kukhala akuti sichikupezeka. Fungo lidachoka ngati munthu wotuluka. Kutsogolo kwa chigayo a Gostino adaima, adasiya wilibala, n'kugwira khutu.

Ndi pamene ndidazindikira kuti Livinesi sankatsata makina.

Tsiku limenelo ndidatayipa makalata asanu ndi awiri. 12 koloko idakwana n'kudutsa, printa ili phee.

M'mawa mwake ndidali kutayipira mayi wina wa Mvano kalata ya ku mpingo pamene sipika idalira kawiri. Ndidayang'ana mndandanda: chalumikizika. Ndidapempha mayiyo kuti asunthe mpando chifukwa kukubwera mlendo. Adandiyang'ana modabwa, pakuti pakhomo padalibe munthu. Patapita kamphindi kudamveka odi.

A Gostino adalowa n'kugwada pa simenti, mayiyo akuona.

“Sizinathe, alamu. Ndimayesa zili m'makinamu.”

“Akuti chiyani?”

“Sanena kanthu. Amangoitana. Ndikayankha amasiya pang'ono, kenako amayambiranso.” Adagwira khutu. “Ndinapita kwa amalume anu kuti andisudzule. Akuti nkhani ili kwa inu, poti ndinu munasambitsa. Wokonza makompyuta ku tauni uja anandiuza kuti pali podina pochotsera dzina. Ndinayesapo kasanu ku sitolo kuja, koma kamuvi kamandithawa. Inu kakumverani.”

“Podinapo ndikupadziwa,” ndidatero.

Ndidatembenuza laputopu kuti aone. Ndidadina pambali pa dzinalo, ndipo padatuluka mawu achingerezi. Kamuvi kadaima pamwamba pake osagwedezeka. Kakadandimvera ndithu.

“Werengani mutimasulire. Enafe tinalekezera panjira.”

Adayang'anitsitsa.

“Akuti, iwalani chipangizochi.”

“Aiwale ndani?”

“Ndi mawu a makina chabe, alamu.”

“Dzanja lodinalo ndi langa. Ndiye kuti mukundipempha ine, Elube, kuti ndidine pa dzina la mwana wa amayi anga, makina andifunse ngati ndamuiwaladi, ine n'kuvomera.”

Mutu wawo udayamba kupendekera kumanzere, iwo akulimbana nawo kuti uwongoke.

“Anakuitanani masiku atatu,” ndidatero. “Wodina nambala ndinali ine. Sindinawerenge kuti kangati, koma zikuoneka kuti iye ankawerenga. Mukamuyankha zonse, mwina adzasiya yekha. Ine sindimufulumizitsa.”

Ndidatseka mawu aja osadina, ndidatembenuzira laputopu kwa ine, n'kufunsa mayi wa Mvano pamene tidalekezera.

“Pa okondedwa mwa Ambuye,” adatero mayiyo maso ali pansi.

Ndidapitiriza kutayipa. Chapansi, pafupi ndi mwendo wa tebulo, ndidamva a Gostino akuti, “Ee. Ndili pano.”

Yanga yathera pamenepo. Yawo, pofika lero, siinathe.